Kubisa cache yoyamba: chidebe chanji, manambala a malo atengedwe bwanji, nanga a reviewer amabweza chifukwa chiyani?

Kafumbata:

Moni nonse akuluakulu. Funso langa likupita kwa inu amene mwakhalitsa mu geocaching, masewera obisa chidebe (cache) panja n'kulemba manambala a malo ake pa webusaiti kuti ena akachipeze ndi GPS. Ndikamawerenga ma log (mauthenga amene ofufuza amalemba pa webusaiti) a ma cache atsopano ndikuona madandaulo omwewomwewo: kabuku kosainamo kanyowa mpaka kuchita chuku, manambala a malo akuloza munthu mamita 15 kutali ndi pamene pali chinthucho, kapena cache yasowa mwezi usanathe. Ena akuti tsamba la cache yawo a reviewer, anthu oyang'ana tsamba lililonse latsopano, analibweza kawiri katatu lisanatuluke pa geocaching.com.

Ndithandizeni mwatsatanetsatane ndisanabise yanga. Chidebe chodalirika ndi chotani, ndipo muikidwe chiyani? Foni ndi yokwanira potenga manambala, kapena pamafunika GPS ya m'manja? Malamulo amene anthu amapunthwa nawo kwambiri ndi ati? Ndikufuna cache yokhala zaka, osati yotha ndi mvula imodzi.

Mwinimphako:

A Kafumbata, ndiyambe ndi chidebe, poti ma cache ambiri amafa ndi madzi.

Choyamba kuyang'ana ndi chivundikiro: kodi mkati mwake muli labala yozungulira yotseka mpweya? Zidebe zapulasitiki za zokolowekera zinayi m'mbali, monga za Lock & Lock, zili nayo, ndipo zimapirira. Zidebe za chivundikiro chongokanikiza zimalowa madzi mvula yoyamba, kenako dzuwa likaziwomba miyezi ingapo pulasitikiyo imauma n'kuyamba kuthetheka. Timabotolo ta mafilimu a makamera akale anthu amatikonda chifukwa cha kuchepa kwake, koma timadontha. Galasi limasweka n'kucheka anthu. Chitini chimachita dzimbiri mpaka chivundikiro kukanirira.

Ngati mukufuna kanthu kakang'ono, funani PET preform. Ndi kachubu kokhuthala kamene fakitale imafufumitsa kuti kasanduke botolo la zakumwa. Kali ndi chitsekerero chopotokola, ndipo ngakhale mutakaponda sikasweka. Ngati mukufuna chachikulu, palibe choposa ammo can, bokosi lachitsulo lija asilikali amasungiramo zipolopolo. Lili ndi labala yokhuthala ndi chokhomera champhamvu. Koma musanalitulutse panja fufutani ndi penti zolemba zonse zausilikali, ndipo mulembepo mawu ooneka bwino akuti GEOCACHE pamodzi ndi nambala ya cache yanu, ija yoyamba ndi GC. Munthu wosadziwa akalipeza lili ndi zolemba za zipolopolo aitana apolisi, ndipo sakhala wolakwa.

Chidebe chilichonse chiyeseni kaye. Ikanimo tishu wouma, tsekani, chimizeni m'ndowa ya madzi mutachitsindira ndi mwala, chigone momwemo usiku wonse. M'mawa tishu akakhala ndi kachinyontho ngakhale pang'ono, chidebecho chisiyeni.

Pa webusaiti mudzafunsidwa kukula kwake, ndipo apa anthu amalakwitsa. Chosakwana mamililita 100 ndi micro. Kuyambira mamililita 100 mpaka lita imodzi ndi small. Lita imodzi mpaka malita 20 ndi regular, choposa pamenepo ndi large. Mukalemba small pomwe mwabisa kachubu konga chala, wofufuza azisuzumira m'malo mokwana bokosi, n'kumalumpha timing'alu momwe muli cache yanu.

Za m'kati: chokakamizidwa ndi kabuku kapena pepala losainapo. Popanda ichi a reviewer satulutsa tsamba. Pepala losalowa madzi, monga la Rite in the Rain, ndi labwino koposa. Ikanimo pensulo yaifupi. Bolopeni imauma ikakhala panja, ina imatulutsa inki n'kuipitsa zonse. Onjezani kapepala kofotokozera munthu wopeza mwangozi kuti ichi ndi chiyani ndi kuti achibwezere pamalo pake. Tinthu tosinthana tikhale tosawola: timphete, timakiyi holoda, tizidole ta pulasitiki. Chakudya chamtundu uliwonse n'choletsedwa, masiwiti omwe. Sopo, makandulo ndi mafuta onunkhira nazonso ayi, chifukwa makoswe ndi nyerere zimatsata fungo, ndipo khoswe amaboola pulasitiki usiku umodzi. Pa chifukwa chomwecho musagwiritse ntchito chidebe chimene munasungiramo chakudya, ngakhale mutachitsuka katatu. Mipeni, machesi, mankhwala ndi mowa siziloledwa, poti ana nawo amatsegula ma cache amenewa.

Chinthu china chimene ambiri sachiganizira ndi kajumbo kotsekera kabuku. N'kabwino, koma kakhale kakang'ono. Kakakula, wofufuza potseka mofulumira amakapanitsa pakati pa labala ndi mlomo wa chidebe, ndipo madzi amayenda pa kajumboko ngati mafuta pa chingwe cha nyale, dontho ndi dontho mpaka chidebe kudzaza. Ndipo chidebe chikhale chivundikiro chili kumwamba, pamalo okwererapo pang'ono. Pansi pa mphako kapena m'kadzenje ka pathanthwe mumaoneka mouma nthawi yadzuwa, koma mvula ikagwa mumasanduka chithaphwi.

Kampasi_4:

Za chidebe a Mwinimphako anena zonse. Ine nditenge za manambala, chifukwa apa m'pamene wobisa watsopano amavutitsa anthu osadziwa kuti akuwavutitsa.

Timvetsetse kaye chimene chipangizo chimachita. Foni kapena GPS ya m'manja imamvera zizindikiro za masetilaiti n'kuwerengera mtunda wa kwa iliyonse. Pamafunika masetilaiti anayi kapena kuposa. Mpaka pa 2 Meyi 2000 boma la United States linkasokoneza dala zizindikiro za anthu wamba, moti chipangizo chinkatha kuphonya ndi mamita 100. Atasiya kusokonezako m'pamene masewerawa anabadwa, tsiku lotsatira lomwelo. Masiku ano pamalo opanda chotchinga kumwamba chipangizo chabwino chimaphonya ndi mamita atatu mpaka asanu. Pansi pa mitengo yowirira, m'chigwa, kapena pafupi ndi khoma lalitali, chizindikiro chimafooka kapena chimanjanja pakhoma chisanafike kwa inu, ndipo kuphonyako kumafika mamita 10 kapena 15.

Tsono kumbukirani kuti ophonya ndi awiri, inu wobisa ndi uyo wofufuza. Inu mukaphonya mamita asanu kum'mawa, iye n'kuphonya asanu kumadzulo, wayamba kufufuza ali mamita 10 kutali. Bwalo la mamita 10 kuchokera pakati lili ndi masikweya mita oposa 300. Taganizani kutembenuza mwala uliwonse pamalo aakulu chotero. N'chifukwa chake malo ozungulira cache ya manambala oipa amaonongeka: anthu amathyola nthambi, kugumula miyala, kupondaponda udzu.

Foni yamakono ndi yokwanira, bola muigwiritse ntchito moleza mtima. Kulakwa kofala n'kufika, kutulutsa foni m'thumba, kulemba manambala oyamba kuoneka, n'kumapita. Manambala oyambawo kawirikawiri amakhala oyerekeza kuchokera ku nsanja za mafoni kapena Wi-Fi. Chitani chonchi. Yatsani GPS mukadali mamita 100 kutali kuti ikhazikike. Zimitsani zosunga batire, chifukwa zimachepetsa kawerengedwe. Mukafika, ikani chipangizo pamwamba penipeni pa pobisalira, musachiphimbe ndi thupi lanu, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka manambala asiye kuvinavina, lembani. Chokanipo mamita 30, bwererani kudzera mbali ina, lembaninso. Chitani zimenezi kasanu kapena kuposa. Kenako mubwerenso nthawi ina, chifukwa masetilaiti amayenda, ndipo mmene aimira m'mawa si mmene aimira madzulo. Malangizo a Garmin, kampani yopanga ma GPS, pa zipangizo zawo amati mutenge kanayi mpaka kasanu ndi katatu, mukusiya mphindi 90 pakati. Chotsani nambala imene yapatuka kwambiri pa zinzake, zotsalazo muphatikize n'kugawa kuti mupeze yapakati.

Mukapeza yapakatiyo iyeseni ngati ndinu mlendo: ilowetseni m'chipangizo, imani patali, tsatirani muvi. Ukakufikitsani mkati mwa mamita asanu kuchokera mbali ziwiri zosiyana, zili bwino. Chipangizo chachiwiri cha mnzanu chikavomereza, ndiye bwino koposa. Mapu a zithunzi za m'mwamba ndi ongotsimikizira kuti simunalembe zamtunda wina. Osatengapo manambala, chifukwa zithunzizo nthawi zina zimakhala zosuntha mamita angapo, ndipo malamulo amafuna kuti mufike pamalopo ndi chipangizo.

Chenjeraninso ndi kalembedwe. Geocaching.com imagwiritsa ntchito WGS84, muyeso wa malo umene GPS imatsatira, ndipo imalemba madigiri ndi mphindi zokhala ndi manambala atatu pambuyo pa kadontho, monga N 45° 17.460 W 122° 24.800. Mafoni ambiri amaonetsa madigiri okhaokha a kadontho. Izi si zofanana. Digiri imodzi ili ndi mphindi 60, choncho 45.500 ndi 45° 30.000. Wina akangokopera n'kulemba 45° 50.000, wasuntha cache yake ndi mphindi 20, omwe ndi makilomita 37. Kuiwala kusintha N kukhala S, kapena W kukhala E, kumaponya cache kutsidya lina la dziko, koma chimenechi a reviewer amachigwira msanga. Chovuta kugwira ndi kusinthanitsa manambala awiri omaliza. Nambala yomaliza ija, kupita kumpoto kapena kumwera, imaimira pafupifupi mamita 1.85, ndiye kulemba .406 m'malo mwa .460 ndi mamita 100 ndendende. Werengani kawiri musanatumize.

Pamalo pamene zizindikiro n'zofooka, vomerezani zimenezo patsamba ndipo perekani hint yolunjika, mawu ochepa othandiza wofufuza kupeza chidebe. Hint imabisidwa ndi ROT13, njira yosuntha chilembo chilichonse malo 13, kotero amene sakuifuna saiwerenga mwangozi. Hint yoti "pafupi ndi mtengo" m'nkhalango, kapena yoti "simukufunika hint", imapweteka munthu amene wayenda ulendo wautali. Lembani chenicheni: "kumbuyo kwa chitsa chopsa, m'mawondo".

Kafumbata:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Za madigiri ndi mphindi zija sindikanazigwira ndekha. Nanga kukulunga chidebe chonse m'jumbo lakuda kuti chisaoneke komanso chisanyowe, n'kwabwino? Ndipo za a reviewer zija zikadali pomwepo.

NaChitsa:

Jumbo lakuda ayi, achimwene. Limasunga madzi m'malo mowatchinga, mkati mumadzaza nkhono ndi matope, ndipo limaoneka ngati zinyalala, kotero wosesa aliyense alitola n'kukalitaya. Ngati mukufuna chidebe chisaoneke, kwechani kunja kwake ndi sandipepala kuti penti igwire, pakani penti yosawala ya mtundu wa dothi kapena khungwa la pamalopo, musapake pa labala, ndipo chisiyeni panja masiku angapo fungo lithe.

Tsono za a reviewer. Awa ndi anthu ongodzipereka, osalipidwa, ndipo sapita kukaona cache yanu. Amaweruza pa zimene mwalemba ndi pa mapu. Kawirikawiri amayamba kuyang'ana tsamba mkati mwa masiku asanu ndi awiri. Pali malo olembamo uthenga wa kwa iwo okha, umene umachotsedwa tsamba likatuluka. Lembanimo chidebe chake, mmene chabisidwira, mwini malo ndani, ndipo anavomera liti. Chithunzi chimathandiza. Masamba ambiri amachedwa chifukwa wobisa wangolemba mzere umodzi, ndiye a reviewer ayambe kufunsa chimodzichimodzi.

Lamulo lopunthwitsa ambiri ndi la mamita 161. Chidebe chanu chisayandikire chidebe cha cache ina kuposa pamenepo. Vuto n'lakuti mapu amakuonetsani zooneka zokha. Ma cache a mtundu wa multi, odutsa malo angapo usanafike pa chidebe, ali ndi masiteji obisika, ndipo a mystery, ofunika kumasulira kaye mwambi kuti udziwe malo, chidebe chake chimatha kukhala paliponse mkati mwa makilomita 3.2 kuchokera pamene pali chizindikiro pamapu. Mukhoza kuona malo oyera pamapu koma pali chidebe cha wina mamita 40 kuchokera pamene mwasankha, ndipo a reviewer sangakuuzeni kuti chili mbali iti. Njira yake ndi iwiri: pezani kaye ma multi ndi ma mystery onse a m'deralo, kapena konzani tsamba n'kupempha a reviewer kuti ayang'ane manambala musanavutike ndi kumanga chobisira.

Lachiwiri, kukumba n'koletsedwa. Dave Ulmer, amene anabisa cache yoyamba pa 3 Meyi 2000 pafupi ndi Beavercreek ku Oregon, anakwirira ndowa yakuda m'nthaka n'kuikamo ngakhale chitini cha nyemba. Zonse ziwiri lero sizingaloledwe. Malamulo anakhwima chifukwa eni malo ndi oyang'anira nkhalango sangalole masewera amene amabweretsa anthu ndi mafosholo. Kuphimba ndi masamba, makungwa ogwa okha kapena miyala n'kololedwa. Kukhoma msomali mumtengo, kuboola khoma kapena mtengo wa chikwangwani, kulemba ndi penti pamwala, zonsezi ayi. Pomangirira pamtengo gwiritsani ntchito chingwe chomasuka, chifukwa waya wothina umalowa m'khungwa mtengo ukamakula.

Lachitatu ndi chilolezo. Malo alionse ali ndi mwini kapena woyang'anira, ngakhale paki yolowa aliyense. Mukamatumiza tsamba mumakhala mukutsimikiza kuti chilolezo muli nacho. Pewani pafupi ndi sukulu, njanji, mabwalo a ndege, malo a asilikali ndi pansi pa milatho ikuluikulu. Munthu woyendayenda pamalo otere akusuzumira m'makona amaoneka wokayikitsa. Pewaninso mabokosi a magetsi, ngakhale kamaginito kamagwira bwino pamenepo. Mukuphunzitsa anthu kulowetsa zala momwe muli ngozi. Tsamba lisatsatse malonda, lisakakamize munthu kulowa m'sitolo kapena kugula kanthu, ndipo lisalalike za ndale kapena zachipembedzo.

Za kusowa kwa cache mwezi usanathe, chifukwa chake nthawi zambiri ndi maso a anthu osadziwa masewerawa, amene timawatcha ma muggle. Musanasankhe malo, khalani pamenepo theka la ola nthawi zosiyanasiyana. Onani mawindo amene akuyang'ana pamalopo, alonda, makamera, ana osewera. Dzifunseni ngati munthu angathe kugwada, kutulutsa chidebe, kusaina ndi kubwezera osaonedwa. Ndipo mulu wa timitengo toyalidwa bwinobwino patsinde pa mtengo umaitana aliyense wodutsa. Chilengedwe sichiyala timitengo mofanana.

Muikenso D ndi T moona mtima. D ndi kuvuta kwa kupeza, T ndi kuvuta kwa njira, zonse kuyambira 1 mpaka 5 m'matheka. T1 ikutanthauza kuti munthu wa panjinga ya olumala afika n'kutenga chidebe yekha, choncho ngati pali sitepe imodzi kapena pofunika kugwada, yambirani 1.5. T5 ndi ya pofunika zida zapadera, monga bwato kapena zingwe zokwerera.

Mlondanjira:

Ndikugwirizana ndi onse, koma pa kukula kwa chidebe ndikankhire mbali imodzi. A Kafumbata, ngati malo akulola, musayambe ndi micro. Kapepala ka mu nano, kachidebe kaja kochepa ngati nsonga ya chala, kamadzaza msanga, kamang'ambika potulutsa, ndipo kalabala kake kakagwa basi madzi alowa. Mudzakhala mukupitako pafupipafupi. Chidebe cha lita imodzi chimalandira kabuku ka masamba ambiri, ana amapezamo chosinthana, ndipo ma trackable amakwanamo.

Ndifotokoze za ma trackable, chifukwa mwini cache ayenera kuwadziwa. Travel Bug ndi geocoin ndi tinthu tokhala ndi nambala yachinsinsi, ndipo mwini wake amafuna tiziyenda kuchoka m'cache ina kupita m'ina. Si tosinthanitsa ndi zidole, si tosunga kunyumba. Wotenga amalemba pa webusaiti kuti watenga, akaika kwina amalembanso. Nambala yake isaoneke pachithunzi chilichonse, chifukwa ikafalikira anthu amalemba zabodza kuti akaona. Tsamba lanu likamaonetsa trackable imene m'chidebe mulibe, inu monga mwini cache mukhoza kuilemba kuti yasowa, kuti ena asamabwere kudzaifuna pachabe.

Chimene chimapangitsa cache kukhala zaka ndi mwini wake kuiyendera. Mingo, ya nambala GC30 ku Kansas, inabisidwa mu Meyi 2000 ndipo ikupezekabe. Chidebe chake chasowapo n'kubwezeretsedwa. N'chifukwa chake a reviewer amakana cache yobisidwa paulendo, kutali ndi kwanu, pokhapokha mutatchula munthu wapafupi amene wavomera kuisamalira. Sankhani malo amene mungafikeko mkati mwa sabata imodzi kapena ziwiri uthenga ukabwera. Malamulo amayembekezeranso kuti cache ikhalepo miyezi itatu kapena kuposa.

Werengani log iliyonse. DNF, kutanthauza kuti munthu wafufuza osapeza, ndi uthenga wamtengo wapatali. Imodzi siitanthauza kanthu. Zitatu zotsatizana pa cache ya D1.5 zikutanthauza kuti mupiteko. Ngati simungathe msanga, imitsani tsamba kwa kanthawi n'kulemba tsiku limene mupite, kuti anthu asaononge ulendo. Mukakonza, lembani log ya Owner maintenance, chifukwa ndi imene imachotsa chizindikiro chofiira cha sipanala patsamba, chosonyeza kuti cache ikufunika kukonzedwa. Anthu angapo akalemba kuti anapeza chidebe mamita 12 kumpoto kwa manambala anu, akhulupirireni, kayezeninso. Mukhoza kusintha manambala nokha malinga kusunthako sikupitirira mamita 161. Tsamba likatsekedwa ndi a reviewer chifukwa mwini sakuyankha, salitsegulanso.

Mukapita kokayendera tengani kabuku katsopano, kajumbo, pensulo, kansalu kopukutira ndi chidebe china chapadera. Pukutani labala, chifukwa kamchenga kamodzi kokha kamasiya mpata. Timapaketi ta silica gel timathandiza masabata ochepa, kenako timakhuta chinyontho n'kusiya kugwira ntchito, ndiye musatidalire. Yang'ananinso pozungulira ngati pali chidebe chachiwiri. Alipo ena amene akalephera kupeza amasiya kabotolo kawo n'kulemba kuti apeza. Kameneko kachotseni, apo ayi anthu azisaina malo awiri.

Eni webusaiti amalangiza kupeza ma cache 20 musanabise yanu, ndipo ndi malangizo abwino ngati 20 amenewo ali a mitundu ndi makulidwe osiyanasiyana. Pitaninso ku ma event, misonkhano ya osewera a m'dera lanu, makamaka a CITO, komwe anthu amasonkhana kutola zinyalala pamalo amene amaseweramo. Kumeneko mudzapeza munthu wa chipangizo chachiwiri woyesa naye manambala, ndi ena amene anamaliza kale ma mystery a m'deralo, oti angakuuzeni kuti malo mwasankhawo ndi otsekeka musanagule penti.

Chidebe chikhale chili kale pamalo pake musanatumize tsamba. Likangotuluka, ena amalandira uthenga pafoni nthawi yomweyo ndipo amanyamuka ngakhale usiku kuti akakhale oyamba kusaina. Patsamba loyamba la kabuku asiyireni mpata wolembapo FTF, kutanthauza woyamba kupeza, ndipo ngati malowo saloledwa kulowa usiku, lembani maola ake pamzere woyamba wa tsamba.